Kabungwe kachifundo ka mpingo kafike mpaka pati?

Sabata yathayi ndinalandira imelo yochokera kwa mayi ena amene ndi msungichuma wa kabungwe kachifundo ka mpingo wawo. Dzina lawo ndi la mpingowo sinditchula. Kalatayo inali yaitali ndithu, koma nkhani yake ndi iyi. Kabungweko kali ndi anthu 9 ongodzipereka, ndalama zake zimachokera ku chopereka chapadera cha kamodzi pamwezi, ndipo pamsonkhano wapitawu anthu anasiyana maganizo mpaka ena kutuluka osatsanzika. Gulu lina likufuna kuti ayambe kuthandiza madera akutali ndi kulembera makalata mabungwe akuluakulu opereka thandizo kuti ntchito ikule. Gulu lina likuti ndalama n'zochepa, choncho azingothandiza akhristu a mumpingo mwawo basi. Mayiwo anamaliza ndi mafunso awiri: "Kodi kagulu kochepa ngati ife kali ndi ntchito yanji m'dera, pamene kuli mabungwe aakulu okhala ndi maofesi ndi magalimoto? Nanga tifike mpaka pati?"

Mayi, zikomo kwambiri pondikhulupirira ndi nkhani imeneyi. Ndakhalapo m'komiti yonga yanuyo kwa zaka zingapo, ndipo mkangano mukuunenawo ndimaudziwa ndi kuwawa kwake komwe. Yankho langa lalifupi ndi lakuti fikani pamene mungathe kubwererako. Pakhomo pamene simungapondeponso sabata ziwiri zikubwerazi, pamenepo ndi patali kwa inu, ngakhale patakhala kuseri kwa tchalitchi chanu. Ndilongosola chifukwa chake, ndipo ndiyamba ndi zimene zinandichitikira ine.

Panali bambo ena okalamba amene ankakhala okha kumalekezero kwenikweni kwa dera limene tinkathandiza. Mwezi uliwonse tinkawatumizira thumba la zakudya zosaphika kudzera mwa mnyamata wa mumpingo amene ankadutsa njira imeneyo popita kuntchito. M'kope mwathu dzina lawo linali ndi chongi mwezi ndi mwezi, ndipo mitima yathu inali m'malo. Patapita miyezi inayi ndinapitako ndi mnzanga wina. Titalowa, maso atazolowera mdima wa m'nyumbamo, ndinaona matumba athu atatu ataunjikana kuseri kwa chitseko, awiri osamasula n'komwe. Tisanafunse, bambowo anatukula manja awo kuti tione. Ankanjenjemera moti sakanatha kunyamula poto wa madzi otentha osadzithira. Ankadya tsiku limene mwana wa aneba wawakumbukira. Mnyamata uja analibe mlandu, chifukwa tinamutuma kukasiya katundu ndipo ankakasiyadi. Olakwa tinali ife. Pakhomo paja pankafunika munthu wowaperekeza kuchipatala ndi dongosolo loti wina aziwaphikira, ndipo zimenezi tikanazidziwa mwezi woyamba womwe tikanangokhala nawo pansi kwa theka la ola. Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Ife tinakhulupirira kope kwa miyezi inayi.

Kuyambira pamenepo ndimaona kuti chuma chenicheni cha kabungwe kakang'ono ndi kudziwa anthu. Bungwe lalikulu lingabweretse zinthu zimene inu simudzazikwanitsa, monga mankhwala, mijigo, nyumba za sukulu, ndipo tiyenera kuyamikira zimenezo. Koma chifukwa cha kukula kwake, limakakamizika kuwerenga anthu m'magulu: amasiye angati, ana angati, makomo angati. Likamaliza ntchito yake ya zaka zitatu kapena zisanu limanyamuka. Inu simunyamuka. Mumadziwa kuti mayi uja amene amaseka kwambiri pakhomo la tchalitchi sagona usiku chifukwa cha ngongole. Mumadziwa mwana amene wasiya sukulu sabata yomweyo imene wasiya, chaka chisanathe. Mumadziwa nyumba imene ikalandira ndalama m'manja, ndalamazo zimathera ku mowa, ndiponso mumadziwa kuti m'nyumba momwemo muli mtsikana amene angapitirize maphunziro ngati fizi yake itaperekedwa mwachindunji kusukulu. Nzeru zoterezi sizigulidwa, ndipo zimatha msanga mukangotalikira.

Amene akufuna kukula mofulumira ndiwauze kuti anthu anayesapo kale kupeza muyeso wa nkhaniyi. Mu 1819 mbusa wa ku Scotland, Thomas Chalmers, anapatsidwa parishi ya St John's mumzinda wa Glasgow, dera la anthu pafupifupi 10,000, ambiri mwa iwo osauka. Iye analigawa m'zigawo 25 n'kuika dikoni m'chigawo chilichonse. Ntchito ya dikoniyo inali kudziwa mabanja a m'chigawo chake, ndipo munthu akapempha thandizo, dikoni ankayamba waona ngati pali ntchito imene munthuyo angagwire, ngati ali ndi abale, ngati aneba angathandizepo, kenako n'kufika ku thumba la mpingo. Sindikuvomereza zonse zimene Chalmers anachita. Anthu ambiri anamudzudzula kuti njira yake inali youma mtima, yoika mtima kwambiri pa kusunga ndalama, ndipo ndikuona kuti kudzudzulako kunali ndi pake. Dongosololo linatha mu 1837, iye atachoka kale. Komabe chimodzi anachigwira bwino: dera lalikulu silithandizika lonse pamodzi, limafuna kuduladula mpaka chigawo chikwane m'maso mwa munthu mmodzi.

Mzinda wa Elberfeld ku Germany unapita patsogolo ndi maganizo omwewa mu 1853. Kumeneko anali akuluakulu a mzinda, osati mpingo, amene anakhazikitsa lamulo lakuti woyendera aliyense wongodzipereka asapatsidwe mabanja opitirira anayi, ndipo aziwayendera sabata ziwiri zilizonse. Mabanja anayi okha. Nambala imeneyi imandigwira mtima nthawi zonse, chifukwa ndi ya anthu amene anavomereza kuti munthu wokhala ndi ntchito yake, banja lake ndi mavuto ake sangasenze zoposa pamenepo popanda kuyamba kungosiya matumba pakhomo.

Tiyeni tiwerengetsere ndi anthu anu. Muli 9. Tichotsepo inuyo, chifukwa kusunga ndalama ndi malisiti ndi ntchito yokwanira kale. Otsala 8 aja akamayenda awiriawiri akhala magulu anayi. Gulu lililonse likatenga makomo anayi, akwana makomo 16. Ndikudziwa kuti wina pamsonkhano adzati, "Makomo 16 okha, dera lonseli?" Muwafunse kuti chaka chathachi ndi makomo angati amene moyo wake unasinthadi chifukwa cha kabungwe kanu. Musawerenge amene analandira kanthu kamodzi pa Khirisimasi. Muwerenge amene mwana anabwerera kusukulu, wodwala anayamba kumwa mankhwala mwandondomeko, denga linasiya kudontha. Ife titadzifunsa funso limeneli moona mtima, tinakhala chete kwa kanthawi. Makomo 16 osamalidwa bwino ndi ntchito yaikulu, ndipo khomo lina likaima palokha mumatenga lina.

Nanga ntchito ikakuladi? Apa pali chitsanzo chimene ndimachikonda. Mu April 1833 ku Paris, mnyamata wa zaka 20 dzina lake Frédéric Ozanam ndi anzake ochepa a payunivesite anayambitsa kagulu koyendera osauka m'makomo mwawo. Sankadziwa poyambira, ndiye anapita kwa sisitere Rosalie Rendu, amene anali atakhala zaka zambiri pakati pa osauka a dera la Mouffetard, ndipo iye anawalozera makomo oti ayendere n'kuwaphunzitsa kalowedwe ka m'nyumba ya munthu wovutika. Kaguluko ndiye chiyambi cha bungwe la St Vincent de Paul limene lero lili m'mayiko ambiri. Chimene ndikufuna muone ndi zimene anachita atachuluka. Panali mkangano waukulu, ena akuopa kuti ubale wawo utha, koma mu 1835 anagwirizana zogawikana kukhala magulu ang'onoang'ono, lililonse ndi dera lake. Mpaka lero bungwelo limayenda motero: timagulu tating'ono pa parishi, mamembala oyenda awiriawiri. Choncho ngati mitima ya anzanu ikuwawa chifukwa cha dera lakutali lija, ndipo ndi bwino kuti ikuwawa, njira yake ndi kupeza mpingo umene uli komweko, kukhala pansi ndi akuluakulu ake, ndi kuwathandiza kuyambitsa kabungwe kawo. Mungathe kuwagawirako chopereka cha mwezi umodzi, kuwaonetsa kalembedwe ka kaundula, kuyenda nawo maulendo awiri oyamba. Kenako muwasiye, chifukwa iwo ndi amene amadziwa makomo akumeneko.

Tsopano gulu lachiwiri lija, limene likuti tithandize athu okha. Ndikuwamvetsa, ndipo musawaone ngati ouma mtima. Iwo akuona mkhristu mnzawo amene wakhala akupereka chopereka zaka 30, lero wakalamba, ndiye akudabwa kuti ndalama zipite bwanji kwa munthu amene sanapondepo m'tchalitchi. Paulo polembera Agalatiya, chaputala 6 vesi 10, anawauza kuti azichitira zabwino anthu onse, makamaka a m'banja la chikhulupiriro. Mawu akuti "makamaka" alipo, ndipo n'zamanyazi mpingo ukamatchuka ndi zachifundo kunja pamene mayi wamasiye wa m'kwaya mwawo akugona ndi njala. Koma mawu akuti "onse" ndi amene ali patsogolo. Amene akufuna kutsala ndi theka lachiwiri lokha la vesilo akudula pamene mwini wake sanadule.

Akhristu oyambirira anadziwika ndi zimenezi mpaka adani awo kuchitira umboni. Mu 362 mfumu ya Aroma, Julian, imene inkafuna kubwezeretsa chipembedzo chakale cha milungu yambiri, inalembera kalata mkulu wa ansembe ake ku Galatia. M'kalatamo inadandaula kuti Akhristu akudyetsa osauka awo ndi osauka a chipembedzo chake chomwe, ndipo inalamula ansembe akewo kuti ayambe kuchita chimodzimodzi. Zaka zoposa 100 m'mbuyo mwake, mu 251, bishopu wa ku Roma, Cornelius, analemba kuti mpingo wa mumzindawo unkasamalira amasiye ndi ovutika oposa 1,500, uli ndi madikoni 7. Nthawi imeneyo Akhristu anali asanakhale ndi ufulu wopembedza. Ndimaganiza kuti bishopuyo anatha kutchula nambala chifukwa panali anthu amene ankalemba mayina ndi kuyenda m'makomo.

Ndiye langizo langa ndi lakuti malire anu akhale a malo, asakhale a chipembedzo. Tengani pepala lalikulu, jambulani tchalitchi pakati, ndipo lembani mzere wozungulira pamene munthu wa m'komiti mwanu angafike n'kubwerako madzulo amodzi popanda kuvutika. Aliyense wokhala mkati mwa mzerewo ndi wanu, kaya amapemphera kwina, kaya ndi wa chipembedzo china, kaya sapemphera. Membala wa mpingo wanu amene amakhala kunja kwa mzerewo ndi wanunso, chifukwa mumakumana naye sabata iliyonse ndipo mukhoza kumutsatira. Mzere umenewu suyenera kukhala mpanda wa waya. Munthu akagwa pakhomo panu ali paulendo, simumufunsa kumene amakhala. Koma pa thandizo lopitirira, la mwezi ndi mwezi, mzerewo udzakupulumutsani ku mikangano yambiri, chifukwa mukakana munthu mudzakhala ndi chifukwa chimene aliyense angachione papepala, osati chifukwa cha nkhope yake.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musagulitse thandizo ndi mapemphero. Musanene, ngakhale mozungulira, kuti amene akufuna kulandira aziyamba wabwera ku tchalitchi. Munthu wanjala adzabwera, adzaimba, adzagwada, koma mumtima adzadziwa kuti mwamugula, ndipo tsiku limene thumba lidzathe nayenso adzatha. Choipa kwambiri n'chakuti mudzakhala mutamuphunzitsa kuti Mulungu amachita malonda. Mukafika pakhomo nenani poyera kuti ndinu a mpingo wakutiwakuti, palibe chobisa. Akakupemphani kuti mupemphere nawo, pempherani. Akapanda kutero, thandizani, tsanzikani bwino, ndipo mudzabwerenso tsiku limene mwalonjeza. Msamariya wa mu Luka 10 sanafunse wovulala uja za chikhulupiriro chake.

Fanizo limenelo lili ndi mbali ina imene sitiilalikira kawirikawiri, ndipo ikuyankha funso lanu loyamba lija, la ntchito yanu pakati pa mabungwe aakulu. Msamariya sanachite zonse yekha. Anamanga mabala, ananyamula munthuyo, anakamusiya m'manja mwa mwini nyumba ya alendo, analipira, ndipo analonjeza kuti adzadzeranso pobwerera. Kabungwe kakang'ono kamagwira ntchito ngati imeneyo. Ndinu oyamba kuona, ndinu onyamula munthu kupita naye kumene kuli thandizo lokwanira, ndipo ndinu obwereranso kukaona ngati wathandizidwa. Anthu ambiri ovutika amalephera kupeza thandizo limene lilipo kale chifukwa sadziwa khomo loti agogode, sangathe kulemba fomu, alibe woti awaperekeze, kapena anabwezedwapo kamodzi ndiye anachita manyazi. Mlembi wanu akhale ndi tsamba m'kope lolembapo chipatala chapafupi ndi masiku ake, ofesi ya boma yoona za chisamaliro cha anthu, aphunzitsi aakulu a sukulu za m'dera, apolisi, mipingo ina ndi zimene imachita, ndi mabungwe onse amene akugwira ntchito kwanuko. Pitani mukadzidziwitse kwa iwo musanakhale ndi vuto. Tsiku limene mudzabwere ndi munthu, adzakulandirani ngati anthu odziwika.

Kwa bambo okalamba aja zinatero. Ndalama zimene tinagwiritsa ntchito zinali za ulendo wa kuchipatala basi. Chachikulu chinali kuyenda khomo ndi khomo kwa aneba awo kufunsa amene angawapatseko mbale tsiku limodzi pasabata. Anapezeka mabanja 7, ndipo anayi mwa iwo sanali a mpingo wathu. Mayi wina anatiuza kuti ankafuna kuthandiza kuyambira kale koma ankaopa kuoneka ngati akulowerera za eni. Ankangodikira wina woti ayambitse. Matumba athu aja tinayamba kuwapereka kwa ophikawo.

Muyeneranso kudziwa zimene si zanu. Musapereke mankhwala kapena kuuza wodwala kuti asiye amene anapatsidwa kuchipatala. Mukapeza kuti mwana akuchitidwa nkhanza, kapena mayi akumenyedwa, imeneyo si nkhani yoithetsa ndi uphungu wa komiti n'kuikwirira kuti mpingo usachite manyazi. Ipite kwa amene lamulo linawapatsa mphamvu, ndipo inu muime pambali pa wozunzidwayo. Kuyenda awiriawiri kumathandizanso apa. Kumateteza woyenderedwa, makamaka mwana kapena munthu wokhala yekha, ndipo kumateteza woyenderayo ku mabodza. Musalole kuti aliyense, ngakhale ali mkulu wa mpingo wolemekezeka chotani, azikhala yekha ndi ana m'dzina la kabungwe. Ena adzakhumudwa ndi lamulo limeneli. Alekeni akhumudwe.

Za ulemu wa wolandira ndili ndi chilonda china. Chaka china tinakonza zogawa zovala ndi zofunda pambuyo pa mapemphero, kutsogolo kwa mpingo wonse, kuti opereka aone kumene ndalama zawo zapita. Tinaitana mayina mmodzimmodzi, anthu akuomba m'manja, wina akujambula pafoni. Mayi wina atamva dzina lake anaima, anayenda pang'onopang'ono maso ali pansi, analandira ndi manja awiri, ndipo ana ake awiri anali atabisa nkhope kumbuyo kwa benchi. Chithunzicho chinafika pa Facebook madzulo omwewo. Mayiwo sanabwerenso ku tchalitchi kwa miyezi yambiri. Nditapita kukawaona anandiuza mofatsa kuti ana awo ankasekedwa kusukulu. Ndinapepesa, koma chithunzi chinali chitayenda kale. Yesu ananena mu Mateyu 6 kuti dzanja lamanzere lisadziwe zimene lamanja likuchita, ndipo ife tinaitana mpingo wonse kuti udzaonerere. Opereka ali ndi ufulu wodziwa mmene ndalama zayendera, koma manambala amawakwanira. Mayina akhale m'kaundula amene amaonedwa ndi anthu awiri kapena atatu okha, ndipo zimene mwamva m'nyumba ya munthu zisatuluke m'komiti, ngakhale ngati mutu wa pemphero. Miseche yambiri m'mipingo imalowera pa khomo la "tiwapempherere".

Poti ndinu msungichuma, Mayi, ndikhalepo pang'ono pa ndalama. Timabungwe tambiri tabwino timafa ndi kukayikirana, umbava usanachitike n'komwe. Chopereka chiziwerengedwa ndi anthu awiri pamalo amodzi, onse n'kusainira. Ndalama za kabungwe zisasakanizidwe ndi za mpingo, chifukwa tsiku lina denga la tchalitchi likadzadontha padzakhala chiyeso chobwereka za amasiye, ndipo zobwereka zotero sizibwerera. Ngati muli ndi akaunti kubanki, osainira akhale awiri osachokera m'banja limodzi. Chilichonse chogulidwa chikhale ndi lisiti, ndipo pomwe lisiti palibe, awiri alembe ndi kusainira. Miyezi itatu iliyonse imani pamaso pa mpingo muwerenge zolowa ndi zotuluka. Wina akati zimenezi n'kusakhulupirirana pakati pa abale, mutsegulireni 2 Akorinto 8. Paulo potumiza chopereka cha osauka a ku Yerusalemu sanafune kuchinyamula payekha. Panali m'bale wosankhidwa ndi mipingo woyenda nacho limodzi, ndipo Paulo ananena kuti akuchita zimenezo kuti pasapezeke womunena pa kayendetsedwe ka mphatsoyo. Ngati mtumwi anafuna mboni, ife sitingadzione oyera kumuposa. Za kulembetsa kabungwe ku boma, malamulo amasiyana dziko ndi dziko, ndipo kwina mpingo wolembetsedwa kale umaphimba nthambi zake. Funsani ku likulu la mpingo wanu ndi ku ofesi yoona za mabungwe musanayambe kulandira ndalama zochokera kunja kwa mpingo.

Opereka thandizo akuluakulu sindikuwakana. Koma ndalama yaikulu imabwera ndi zofuna zake. Imafuna malipoti, zithunzi, manambala okwera chaka ndi chaka, ndipo kawirikawiri imabwera ndi mutu wake wokonzeratu. Mukhoza kupezeka mukuchititsa misonkhano ya nkhani imene wopereka akuifuna, pamene okalamba anu akudikira pakhomo. Ongodzipereka amene ankayenda mwaulere amayamba kufunsa za alawansi, ndipo ndalamayo ikatha sabwereranso ku mtima wakale. Mpingo nawo umaleka kupereka poganiza kuti kwabwera olemera. Ngati mupempha, pemphani pa chinthu chimodzi chodziwika chimene mukuchichita kale ndipo mungachipitirize iwo atachoka. Chopereka chanu cha pamwezi chija musachipeputse. N'chochepa, koma chili ndi ufulu, ndipo chimachititsa mpingo wonse kumva kuti ntchitoyi ndi yawo.

Chinanso chimene mkangano wanu wandikumbutsa chili mu Machitidwe a Atumwi chaputala 6. Mpingo woyamba ku Yerusalemu unali ndi dandaulo lakuti amasiye a Ayuda olankhula Chigiriki ankaiwalika pa kugawa kwa tsiku ndi tsiku. Atumwi sanakane kuti vuto lilipo. Anauza anthu kuti asankhe amuna 7 oti aziyang'anira ntchitoyo, ndipo mukawerenga mayina awo, kuyambira Stefano ndi Filipo mpaka Nikolao wa ku Antiokeya, onse ndi mayina a Chigiriki. Zikuoneka kuti ntchito inaperekedwa m'manja mwa anthu a mbali yomwe inkadandaulayo. Yang'anani komiti yanu. Ngati onse 9 ndi a msinkhu umodzi, okhala mbali imodzi ya dera, opeza bwino mofanana, pali makomo amene simudzawaona ngakhale mutawadutsa tsiku lililonse. Ikanimo wachinyamata. Ikanimo munthu waulumali. Ikanimo munthu amene analandirapo thandizo, chifukwa iyeyo amadziwa mmene zimamvekera kuima mbali inayo ya chitseko, ndipo adzakuletsani zolakwa ngati zija ndinachita ine.

Samalaninso anthu anu 9 aja. Ntchitoyi imalemetsa mtima. Munthu amene mwamuyendera chaka chonse akhoza kumwalira, wina akhoza kukunamizani, wina kukutukwanani chifukwa mwezi uno simunabwere ndi kanthu. Pamsonkhano uliwonse pakhale nthawi yoti gulu lililonse linene zimene lakumana nazo ndi zimene zalilemera, musanafike pa za ndalama. Wotopa aloledwe kupuma miyezi ingapo popanda kumuyang'ana ndi diso loipa. Ndaonapo anthu abwino akusiyiratu chifukwa panalibe wowauza kuti kupuma n'kololedwa.

Pamsonkhano ukubwerawo, musayambe ndi kuvota pakati pa magulu awiri aja. Pitani kaye kwa amene anatuluka osatsanzika, mmodzimmodzi, muwapemphe abwere. Onse akakhala pansi, tsegulani kaundula wanu, muwerenge dzina loyamba, ndipo mufunse kuti ndani mwa inu amene anakhala pansi m'nyumba ya munthu ameneyu komaliza, linali liti, ndipo anapezako zotani. Mupite ku dzina lachiwiri, lachitatu, mpaka kumapeto. Pamene palibe woyankha, mlembi aikepo kamtanda. Mukamaliza, gawanani mayina a timitanda aja awiriawiri, mugwirizane tsiku lobweretsa zimene mwaona, kenako mutulutse pepala lija mujambule mzere wanu. Mukadzatero mudzandilemberenso, Mayi, ndikufuna kudzamva kuti timitanda tinali tingati ndi zimene munakapeza kuseri kwa zitseko.